Ku Lukanga kulibe "nibwela manje-manje"

Mlungu watha m'basi ya ku Matero munakwela msilikali wacinyamata, yunifomu yochisa bwino, majombo owala moti ungadziyang'anilepo nkhope. Basi yonse inangoti zii. Ba conductor, amene anali pakati pokangana na amayi ena cifukwa ca cenji ya K2, anatsitsa mau pamenepo n'kuyamba kukamba monga dikoni. Msilikali uja atatsika mu Lumumba Road, nkhani inabuka. Ba conductor ati iwo usilikali angaukwanitse bwino-bwino, cifukwa amauka 04:00 tsiku lililonse, amalendewela pa citseko kucoka ku Matero mpaka mu tauni, ndipo mvula na dzuwa zonse zimathela pa iwo. Mdala wina kumbuyo anangoseka, n'kufunsa ngati angakwanitse kukhala cete pamene munthu wamng'ono kwa iwo awakalipila pamaso pa anthu, pa mlandu umene sanapalamule. Ba conductor sanayankhe. Anatulutsa mutu pa windo n'kuyamba kuitana a ku City Market.

Funso la mdala uja lakhala m'mutu mwanga mlungu wonse. Nthawi iliyonse Unduna wa Zacitetezo ukalengeza kuti ufuna acinyamata, Lusaka imasintha. Ma envulopu a khaki amayenda malonda, pa makina a fotokope pamakhala mzele, ndipo olo mnyamata amene sanathamangepo cicokeleni kusukulu amayamba kufunsa mtengo wa nsapato zothamangila mu salaula. Imwe amene munapita mu Cairo Road mu October 2022 mukumbuka khamu limene linali pa Post Office yaikulu, pamene boma linati lidzatenga anthu 5,000 m'magulu onse atatu, Zambia Army, Zambia Air Force na Zambia National Service. Ofunsila anaculuka kuposa malo kutali-tali.

Ambili a iwo akaganiza za usilikali amaona peledi ya tsiku lomaliza, amayi awo alikuimba nthungululu, kenako payslip, loni ya ku banki, mwina na ulendo wa ku Central African Republic kumene asilikali athu akhala akupita pansi pa United Nations kuyambila mu 2015. Zonsezo n'zoona ndipo palibe colakwika kuzifuna, makamaka m'tauni muno mmene munthu wa satifiketi ya Grade 12 amatha zaka akugulitsa talk time. Koma pakati pa envulopu na peledi pali miyezi 6 kapena kuposa, ndipo miyezi imeneyo ni yamene sitikambapo kweni-kweni.

Tiyambe na kumene munthu amapita. A Zambia Army ali na likulu lawo pa Arakan Barracks kuno ku Lusaka, koma maphunzilo ali ku Kabwe, makilomita pafupi-fupi 140 kucoka kuno. Kumeneko kuli Military Training Establishment of Zambia, imene aliyense amangoti MILTEZ, ndipo kumadzulo kwa Kabwe, ca ku madambo a Lukanga, n'kumene ma recruit amaumbidwa. A ZAF na a ZNS ali na masukulu awo-awo, monga ija ya ZNS ya ku Kafue. Musasokoneze na Lilayi, kuja ni kwa apolisi. Makomo olowela nawonso ni awili. Wina amalowa monga recruit n'kutuluka ali Private. Wina amalowa monga officer cadet, amaphunzila nthawi yaitali kuposa mnzake, n'kutuluka ali Second Lieutenant. Mamakisi ofunika pa makomo awiliwa amasiyana, conco welengani cilengezo ceni-ceni, osati cimene mnzanu wakutumilani pa WhatsApp.

Pa nkhani ya WhatsApp imeneyi niimepo pang'ono. Zimene zimafunika kawili-kawili ni NRC yobiliwila, zaka 18 mpaka 25 kwa ambili, satifiketi ya Grade 12 yokhala na ma credit amene achulidwa, thupi labwino, komanso kusakhala na mbili ya mlandu ku khoti. Ndalama palibe pa mndandanda umenewo. Asilikali eni ake akhala akucenjeza mobweleza-bweleza kuti kulemba anthu nchito ni kwaulele. Koma nyengo iliyonse kumatulukila "ba Colonel" a pa foni, amene nkhope yawo simudzaiona, ofuna kuti muwatumile kandalama pa mobile money kuti dzina la mwana likwele pamwamba. Makolo amakatenga kaloba, ena amagulitsa firiji. Dzina silituluka, ndipo namba ija imaleka kulila. Ngati wina wakupemphani ndalama, kumene muyenela kupita ni ku polisi.

Manje tinene kuti dzina latuluka, mwapambana mayeso othamanga na a cipatala, mwafika pa geti na cola canu. Amene anapitamo amakamba cinthu cimodzi-modzi: tsiku loyamba limayamba m'galimoto musanatsike bwino. Kukuwa kumayamba pamenepo. Tsitsi limapita, mpala wa cabe-cabe, olo munalipila zingati kwa baba wa mu komboni dzulo lake. Foni, imene ena a ife sitingapite nayo kutali olo ku cimbudzi, imacoka m'manja. Mumapatsidwa namba, yunifomu, majombo, mbale na kapu, ndipo kucokela apo cinthu ciliconse cili na malo ake na mapindidwe ake.

Koma cimene amakulandani ceni-ceni ni nthawi. Ise a mu Lusaka tili na ubale wathu-wathu na nthawi. Munthu amakuuza kuti ali pa Kabwe Roundabout pamene akali kusamba ku Chazanga. Basi imati "tinyamuka manje-manje" koma muli anthu atatu, ndipo awili mwa iwo ni anyamata ongokhalamo kuti ioneke yodzala. Tinazolowela, ndipo timakhululukilana. Ku kampu kulibe zimenezo. Mumauka kukali mdima, osati pa ola imene mwasankha. Kusamba, kumeta ndevu, kuyala bedi, kukolopa, zonse zili na mphindi zake zowelengeka. Kudya nakonso n'cimodzi-modzi, ndipo amene amakonda nsima yoyamba waiuzila n'kumaceza amaphunzila msanga. Kucoka pa malo ena kupita pena simuyenda monga muli mu Kamwala, mumathamanga, nthawi zambili pamzele, mukuimba. Tulo timakhala tocepa. Anthu amaphunzila kugona ali ciimile, ndipo si nthabwala.

Ndiye pali cija cimene mdala wa m'basi anafunsa. Mnzanu mmodzi akacedwa, kapena bedi yake ikapezeka na khwinya pa inspekishoni, cilango cimagwela gulu lonse. Ma push-up, kulumpha monga cule, kugubuduzika pa fumbi na yunifomu imene munachisa usiku. Imwe simunalakwe, koma mulibe mpata wofotokoza. Mnyamata wa mu tauni apa m'pamene amavutika, cifukwa ise tinakula tikudziwa kuti pakamwa ndiye cida. Amene sayankha amadyeledwa cenji, amalandidwa malo pa msika. Manje mwafika kumene yankho lililonse lowonjezela limakuwonjezelani thukuta, ndipo amene akukalipilani angakhale Kopolo wocepa msinkhu kwa imwe, wocokela ku mudzi umene simunaumvepo.

Poyamba n'nali kuona ngati ni nkhanza cabe. N'taganizapo bwino n'naona kuti pali nzelu yake. Gulu limene lalangidwa kawili cifukwa ca munthu mmodzi limayamba kumuutsa, kumuthandiza kupinda bulangeti, kumunyamulila katundu akalema. Pakapita milungu, anthu amene sanali kudziwana, Mlozi, Mbemba, Mtonga, Mngoni, amayamba kuwelengana okha-okha asanawelengedwe. Ndiye cimene ma instrakita afuna, cifukwa ku nkhondo munthu woiwala mnzake amaphetsa anthu. Peledi nayo n'cimodzi-modzi. Kuponda pansi nthawi imodzi, kutembenuka nthawi imodzi, maola na maola padzuwa, kumaphunzitsa thupi kumvela lamulo mutu usanayambe kukambilana nalo.

Izi sizitanthauza kuti ciliconse cocitika ku kampu n'colungama. Kuumitsa munthu n'kwina, kumuvulaza n'kwina, ndipo usilikali uli na malamulo ake oletsa wamkulu kuzunza wamng'ono. Mtsikana amene wauzidwa kuti adzapasa akagona na wina wake sakuphunzitsidwa usilikali, akulakwilidwa, ndipo nkhani yotelo iyenela kufika kwa akulu-akulu.

Mfuti, imene anyamata ambili amailota, imabwela mocedwa kuposa mmene aganizila, ndipo ikabwela imakhala nchito. AK-47 imalema makilo pafupi-fupi 4, magazini yake imatenga zipolopolo 30, ndipo musanaombeko olo kamodzi mudzaimasula, kuipukuta na kuimanganso kambili-mbili mpaka manja azicita okha. Simuisiya pansi n'kucokapo. Simuilozetsa kwa munthu olo muli na cikhulupililo conse kuti mulibe kanthu. Makilo 4 amamveka ocepa mukakhala pa mpando wa basi, koma afunseni amene anainyamula usiku wonse pamodzi na cola ca kumsana.

Cina cimene ambili sayembekezela ni kalasi. Kuli mabuku na mayeso olemba: kuwelenga mapu na kampasi, thandizo loyamba kwa wovulala, kukamba pa wailesi, malamulo a usilikali, na malamulo a nkhondo okamba za mmene muyenela kucitila na anthu wamba komanso akaidi. Kuphunzila zimenezi mutagona maola ocepa n'kovuta kuposa Grade 12. Amene anathawila ku usilikali poganiza kuti wathawa masamu adzakumana nawo pa mapu.

Manje nifike pa mapazi, cifukwa apa m'pamene maloto ambili amathela. Majombo atsopano ni ouma. Phazi limene lazolowela matropiko na ma sneaker likalowamo n'kuyamba kuthamanga tsiku na tsiku, matuza amabuka ku cidendene na ku zala. Thuza likaphulika m'sokosi yonyowa limasanduka cilonda, ndipo munthu amayamba kuponda mopendeka poteteza cilondaco. Kuponda mopendeka kumapweteka bondo na ciuno. Ena amamva kuwawa m'mafupa a kutsogolo kwa miyendo, ndipo akapitiliza mokakamiza fupa limatha kung'aluka pang'ono-pang'ono, makamaka kwa munthu amene wacoka pa kukhala cabe n'kuyamba kuthamanga mitunda yaitali mwadzidzidzi. Msilikali aliyense wakale adzakuuzani za masokosi: akhale ambili, akhale ouma, ndipo mapazi azisambidwa na kupukutidwa pakati pa zala olo mwalema bwanji. Zikhadabo muziwenga. Ni nkhani zazing'ono zimene palibe amazijambula pa TV.

Madzi nawonso. Kutentha kwa mu October tikudziwa tonse, manje ganizilani muli mu yunifomu, cisoti kumutu, katundu kumsana. Munthu akayamba cizungulile, kusokonezeka m'kakambidwe, kapena kugwa, si ulesi, thupi latentha mopitilila ndipo angafe ngati sanaziziitsidwe msanga. Mkodzo ukasanduka wakuda monga Coca-Cola pambuyo pa maseŵela olemetsa, ni cizindikilo cakuti minofu yawonongeka ndipo impso zili pa ngozi. Pamenepo funani a cipatala, osati kulimba mtima. Mu June na July vuto limatembenuka: mphepo ya ku dambo usiku, muli m'dzenje limene mwakumba mweka, zovala zonyowa. Ndipo kumene kuli dambo kuli udzudzu. Mwana wobadwila mu Lusaka, kumene maleliya si yoculuka monga kumadela ena, thupi lake silinaizolowele, conco mutu na kutentha thupi si zinthu zobisa.

Kubisa kumeneku ndiye nifuna tikambe moona mtima, cifukwa kunacitika m'banja mwathu. Msuweni wanga, mwana wa amalume, anavulala bondo pa bola ali Grade 11. Linali kutupa akathamanga kwambili, koma pa tsiku la mayeso anamanga bandeji, anamwa mapilisi a ululu, ndipo pa fomu ya cipatala analemba kuti alibe vuto lililonse. Tonse pa nyumba tinali kudziwa. Palibe anakamba, ine pamodzi, cifukwa nchito ya boma inali itafika pakhomo ndipo amake anali atauza kale a ku chechi na komboni yonse. Tinamupelekeza ku Intercity monga tipelekeza mkwati. Sanathe miyezi iwili. Bondo linakana pa ulendo wa katundu kumsana, ndipo anabwela na cola cake usiku kuti anthu asamuone. Anakhala m'nyumba pafupi-fupi mwezi wathunthu osatuluka, mpala uja ukumuulula aliyense akasuzila pa windo.

Iye cinali bondo cabe, ndipo ali moyo. Koma ganizilani amene amabisa asima, matenda akugwa, vuto la mtima, BP, kapena sickle cell. Mayeso a cipatala, kupima maso, makutu, magazi na cifuwa, anaikidwa cifukwa maphunzilo amenewa amafinya thupi mpaka pothela, ndipo cimene cinabisika pa fomu cimatulukila ku thengo, kutali na cipatala cacikulu. Atsikana amapimidwanso mimba pa cifukwa cimodzi-modzi. Ine nimaona kuti mlandu waukulu uli pa ise a pa nyumba. Timaika banja lonse pa mapewa a mwana wa zaka 19, lendi, mafizi a ang'ono ake, mankhwala a ambuya, moti iye amaona kuti kubwelela n'kosatheka. Mwana wotelo sadzakweza dzanja kuti wadwala. Makolo, mukamupelekeza, muuzeni na pakamwa panu kuti khomo likali lotseguka akabwelako. Ndipo za kulengeza ku chechi, yembekezani peledi.

Pa nyumba palinso cina cofunika kukonzekela: kukhala cete kwa foni. Milungu ingapite osamumva. Amayi ena amayamba kuganiza zoipa, ndipo apa m'pamene akuba ena amalowelanso, kutuma foni kuti mwana wanu wadwala, tumizani ndalama. Musatumize musanafunse ku ofesi ya asilikali. Cibwenzi naco cimayesedwa, koma nkhani imeneyo ni ya tsiku lina.

M'basi simusowa mdala amene anapitako ku National Service. Kuyambila mu 1975, mu nthawi ya a Kaunda, omaliza Form 5 anali kupita ku makampu a ZNS mokakamizidwa, anyamata na atsikana, kukaphunzila mfuti na ulimi, mpaka pulogilamuyo inaima kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Ni cifukwa cake mungapeze ba head teacher opuma nchito kapena amayi ogulitsa pa Soweto amene amadziwa kumasula mfuti. Nkhani zawo n'zokoma, ndipo zimakula caka ciliconse. Mvelani, koma kumbukilani kuti iwo anali kupita podziwa kuti adzabwelela ku koleji kapena ku nchito zina. Wa lelo akulowa nchito ya moyo wake, modzifunila, ndipo akusaina.

Kusaina kumeneko kuli na kulemela kwake. Mukalumbila, mumakhala pansi pa Defence Act, Chapter 106 ya malamulo a Zambia, kuwonjezela pa malamulo amene tonse timatsatila. Nchito ya mu shopu ya mu Kamwala ukalema nayo umangoleka kupita, abwana n'kulemba wina. Kuno kusapezeka pa nchito popanda cilolezo ni mlandu, kuthawa ni mlandu waukulu, ndipo kuli khoti yake ya asilikali. Kulibe sitalaka, kulibe union, ndipo ndale za cipani mumazisiya pa geti pamodzi na tsitsi. Kumene mudzatumizidwa pambuyo pa peledi simusankha. Mungapezeke ku Chipata, ku Kaoma, ku Mansa kapena ku malile kumene netiweki imagwila pa culu cimodzi cabe. Amene afuna yunifomu koma afunanso kugona ku Chawama tsiku lililonse aganizepo kawili.

Nanga amene mtima wake wasankha ndithu, acite ciani pamene ayembekezela cilengezo? Ayambe manje, pang'ono-pang'ono. Kuthamanga katatu kapena kanayi pa mlungu, kuwonjezela mtunda mlungu na mlungu, osati kuukila makilomita 10 tsiku limodzi n'kugona masiku atatu. Kuyenda mtunda wautali na nsapato zotseka, cola ca mabuku kumsana. Ba conductor anikhululukile, koma kutsika masiteshoni awili usanafike n'kumaliza na miyendo ni maphunzilo aulele. Fodya na tujilijili tonse twa masiku ano, olo tusinthe dzina bwanji, tumaonekela pa mtunda woyamba. Aphunzile kucapa, kuchisa na kusoka batani yekha, cifukwa kuja kulibe mlongo wake. Dzino lobooka akacotse kapena akatseke ku kiliniki akali kuno. Mapepala akhale oona, maina pa NRC na pa satifiketi agwilizane, cifukwa zotulukapo za mayeso zimatsimikizidwa ku Examinations Council of Zambia ndipo pepala la mu Matero limagwidwa. Ndipo ayese tsiku limodzi cabe kuzimitsa foni kucoka m'mawa mpaka usiku, aone mmene mtima ucitila.

Msuweni wanga uja manje amayendetsa Hiace ya ku Chelstone. Bondo limamuvutabe kukazizila, ndipo nkhani ya ku kampu saikonda. Koma amake amadandaula kuti mpaka lelo amauka kukali mdima olo pa Sondo, amayala bedi monga kubwela inspekishoni, ndipo salola munthu kugwila nsapato zake. Ma conductor atatu anamuthawa kale, ati basi yake imanyamuka pa nthawi imene wakamba olo mipando ya kumbuyo ikalibe anthu.